Mwana wa zaka 4 akuthawa pensulo: kodi mabuku a phonics ayambe liti?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuphunzitsa yekha mwana wake kunyumba. Akuti: "Mwana wanga ali ndi zaka 4 ndi theka. Anzanga amene akuphunzitsanso ana awo pakhomo anayamba kale mabuku olembamo a phonics, koma wanga akangoona pensulo ndi liwiro. Kodi ndachedwa? Ndimukakamize?"

Mayi, simunachedwe, ndipo musamukakamize. Ogulitsa mabuku amamanga mtolo umodzi zinthu ziwiri zosiyana. Kuphunzira maliwu a malembo, komwe pa Chingerezi amati phonics, ndi ntchito ya khutu ndi pakamwa. Kudzaza masamba a buku ndi ntchito ya zala. Ana ambiri a msinkhu umenewu khutu limakhala litakonzeka koma zala zisanakhwime. Ndiye mwana akathawa buku, nthawi zambiri sakuthawa maliwu ayi, akuthawa pensuloyo.

Zala zimakhwima mwa dongosolo lake. Mwana amatha kukopera chozungulira ali ndi zaka ngati 3, mtanda cha pa zaka 4, koma mizere yopendekeka imabwera mochedwa, cha pa zaka 5. Onani tsono malembo k, v, w, y ndi z: onse ndi mizere yopendekeka. Buku lofuna kuti mwana awalembe pakati pa mizere iwiri yopanikizana likumupempha chinthu chimene dzanja lake silinafikepo.

Apa sindikunyoza phonics. Mu 2000, gulu la National Reading Panel ku America linapeza kuti kuphunzitsa maliwu a malembo mwandondomeko kumathandiza, makamaka mwana akayamba ali ndi zaka 5 kapena 6. Ku England, lipoti la Jim Rose la mu 2006 linalimbikitsa kuti ana ayambe pofika zaka 5. Koma ndondomeko ya Letters and Sounds imene boma lawo linatulutsa mu 2007 imayamba ndi gawo la kumvetsera chabe: phokoso la zinthu, nyimbo, mawu omveka mofanana, kulumikiza maliwu pakamwa. Maria Montessori, amene anatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907, ankapatsa ana malembo okhakhala oti azitsatira ndi chala uku akutchula liwu lake, pensulo isanabwere.

Inunso yambirani pamenepo. Mufunseni kuti mawu akuti moto, mano ndi mutu akuyamba ndi liwu lanji. Tchulani "ga... lu" mosiyanitsa, muone ngati anganene kuti galu. Aziwomba m'manja pa phatikizo lililonse la dzina lake. Azilemba lembo ndi chala m'mwamba kapena pamchenga. Zonsezi ndi phonics, ngakhale palibe tsamba lodzaza loti muonetse anzanu aja (ndipo ndikuganiza kuti nkhawa yanu yagona pamenepa).

Nanga buku libwere liti? Musawerenge zaka, muone mwanayo. Akamatha kutchula liwu loyamba la mawu popanda kulota, akamalumikiza yekha maliwu awiri kapena atatu, akamagwira pensulo ndi zala osati ndi nkhonya, yesani. Kwa ana ambiri zimenezi zimakumana pakati pa zaka 5 ndi 6. Mphindi 10 zakwana, ndipo inu mukhale pambali pake, chifukwa buku silimva. Mwana akhoza kuzunguliza zithunzi zonse molondola osatchula liwu ngakhale limodzi.

Chilankhulo chimene mukumuphunzitsira nachonso n'chofunika. M'Chichewa a amamveka a kulikonse, ndipo mwana akagwira ma, me, mi, mo, mu amathamanga. Chingerezi chili ndi malembo 26 oimira maliwu pafupifupi 44, n'chifukwa chake chimatenga nthawi. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake wa mu 2003 anaonetsa kuti pakutha pa chaka choyamba cha sukulu, ana a ku Finland, Italy ndi Greece ankawerenga molondola pafupifupi mawu onse amene anawapatsa, pamene owerenga Chingerezi sanafike ndi theka lomwe. Ana a ku Finland amenewo amayamba sukulu ali ndi zaka 7. Ku New Zealand, Sebastian Suggate anapeza kuti ana amene anayamba kuwerenga ali ndi zaka 7 anawapeza anzawo oyamba ndi zaka 5 pofika zaka ngati 11.

Pogula buku, musatengeke ndi zithunzi. La Chingerezi labwino limayamba ndi malembo ochepa, monga s, a, t, p, i, n, kuti mwana awerenge mawu enieni msanga. Loyenda kuchokera pa A mpaka Z, tsamba lililonse kupaka utoto, lisiyeni pashelefu.

Kudikira kuli ndi malire ake. Mwana akamafika zaka 6 koma sakumvabe kuti moto ndi mano akuyamba mofanana, kapena ngati makutu amamuvuta kawirikawiri, kapena m'banja mwanu muli ena amene kuwerenga kunawavuta kwambiri, musamati vutolo lidzatha lokha akamakula. Kamuyezetseni makutu ndi maso, ndipo maliwuwo mulimbikire tsiku lililonse, buku likhalepo kapena ayi.