Kodi za ndege n'za ana a anthu olemera okha?

Sabata ino ndalandira imelo yochokera kwa mtsikana wina wa ku Dedza amene wakhoza bwino MSCE, makamaka masamu ndi fizikisi. Mtima wake uli pa kuyendetsa ndege, koma amalume ake, amene akhala akumulipirira fizi, amuuza kuti za ndege n'za ana a anthu olemera, iye angokaphunzira unamwino. Akufunsa ngati amalumewo akunena zoona.

Achemwali, kalata yanu inandipeza ndili pa ntchito ndipo inandikhala pamtima tsiku lonse, chifukwa mawu a amalume anuwo ine ndinawamva kalekale kwa bambo anga ondibereka. Ndinakulira ku Lumbadzi, kufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu limene linatsegulidwa mu 1983. Masiku amenewo kunkatera ndege zikuluzikulu za British Airways ndi KLM, kuphatikizapo zathu za Air Malawi. Ikamatsika, aphunzitsi ankayamba aima kuti phokoso lidutse, ife makosi ali pawindo. Tsiku limene ndinawauza bambo kuti ndikufuna kudzakhala payiloti, anali m'chigafa akusankha fodya. Sanakalipe, sanasekenso. Anangoti, "Zimenezo n'za ana a mabwana. Tawerenga mabelo awa undiuze ngati angakukweze m'mwamba." Mabelowo chaka chimenecho sanakwane n'komwe fizi ya ine ndi mng'ono wanga.

Pabwalopo ndinalowabe, koma ndinayambira pansi penipeni, kukweza masutikesi m'mimba mwa ndege, msana uli chiweramire. Kenako anandiika pa kauntala yolandirira okwera, kenako ananditumiza ku kosi, ndipo lero ntchito yanga ndi yowerengera kulemera kwa ndege isananyamuke, ija timaitcha load control. Ndimaphatikiza kulemera kwa anthu, mafuta ndi katundu, n'kugawa kuti masutikesi awa alowe chipinda chakutsogolo, makatoni awo chakumbuyo, kuti ndege isalemere kumutu kapena kumchira. Kaputeni sanyamuka asanavomereze pepala limenelo. Bwalo la Kamuzu lili pamwamba, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye mu Okutobala dzuwa likafika paliwombo mpweya umapepuka, mapiko ndi injini sizigwira ngati m'mawa wa mu Juni. Nthawi ngati imeneyo umakhala ndi pensulo m'manja, wa katundu akukufunsa pa wailesi ngati akweze makatoni otsalawo, woona za nthawi akuloza wotchi, iwe ukudziwa kuti manambala ako akaphonya pali miyoyo ya anthu. Masamu amene ndinkawakonda ku sekondale ndi amene amandidyetsa. Ntchitoyi ndimainyadira, ndipo ndili mwana panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti iliko.

Koma amene wandichititsa kulemba zambiri chonchi ndi msuweni wanga. Iyeyo makolo ake sanamukanize. Anagulitsa ng'ombe, anagulitsa dimba la kudambo limene linkadyetsa banja lonse nthawi ya chilimwe, n'kumutumiza ku sukulu ina yophunzitsa kuyendetsa ndege ku South Africa. Munthu amene anawalumikiza ndi sukuluyo anawatchulira mtengo, iwo n'kumayesa kuti ndi wa maphunziro onse. Unali wa layisensi yoyamba yokha, ija amati PPL, imene imakulola kuuluka wekha kapena ndi anzako koma siikulola kulandira malipiro. Kuti munthu alembedwe ntchito amafunika layisensi ya payiloti wolipidwa, ija amati CPL, ndipo kawirikawiri imeneyo imafuna maola 200 ali m'mwamba, pomwe PPL imafuna maola 40 kapena 45 basi. Ola lililonse umalipira ndege, mafuta ndi mphunzitsi, ndipo umalipira m'ma rand. Ali pakati pa ulendowo, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama zimene abale ankasonkha kuno zinkafika uko zitafota. Anabwerera ndi buku lake lolembamo maola, lolembedwa mwaukhondo, siginecha ya mphunzitsi pa tsamba lililonse, masamba akumapeto ali mbee. Pano amayendetsa galimoto ya kampani ina mu Lilongwe, ndipo mayi ake amagula masamba pamsika chifukwa dimba linapita.

Ndiye ndinene mosapsatira. Anthu amene amaima pa siteji kuuza ana kuti "lota zazikulu, palibe chosatheka" osawauza mtengo wake, amandikwiyitsa. Maphunziro a payiloti kuyambira pa chiyambi mpaka kufika polembedwa ntchito amadya madola masauzande makumi angapo, ndipo banja limene likugulitsa munda kuti liyambe popanda kudziwa komwe lidzatenge zomalizira likudziponya m'dzenje. Layisensi ya theka siidyetsa munthu. Ngakhale uitenge CPL, sikuti ntchito ikukudikira pakhomo. Makampani ambiri amafunanso chilolezo choulukira ndi zida zokha mumitambo, cha ndege ya injini ziwiri, ndiponso cha mtundu wa ndege imene ukayendetse. Kuti udzakhale kaputeni wa ndege yaikulu yonyamula anthu umafunika layisensi yapamwamba kwambiri, ija amati ATPL, imene imafuna maola 1,500. Pakati pa 200 ndi 1,500 ndi pamene ambiri amathera. Ena amapulumukira pa kuphunzitsa anzawo, ena pa ndege zing'onozing'ono zonyamula alendo okaona nyama ku Maun ku Botswana kapena ku Mfuwe ku Zambia, malipiro ochepa, zaka zikupita.

Komanso msika wathu ndi waung'ono. Air Malawi, imene inayamba mu 1964, inathetsedwa mu 2013, ndipo ndinaona ndi maso anga anthu odziwa ntchito yawo akukhala pakhomo. Kampani imene inalowa m'malo mwake, Malawian Airlines (pano imatchedwa Malawi Airlines), imene boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49, ili ndi ndege zowerengeka pa zala. Mu 2020 Covid itafika, maulendo a anthu anaima kwa miyezi ndipo pabwalo panali zii. Ntchito za ndege zimakoma zinthu zikamayenda, koma zikavuta zimavutira pamodzi dziko lonse lapansi.

Pamenepa mwina mukuti ndagwirizana ndi amalume. Ayi. Pa ndalama akunena zoona, koma pa kutseka chitseko alakwitsa, ndipo ndikukhulupirira kuti akanakhala mnyamata amene wafunsa, yankho silikanathamangira ku unamwino. Unamwino ndi ntchito yolemekezeka kwa amene waikonda, osati kothamangitsirako mtsikana aliyense wodziwa sayansi. Mu Malichi 2017 ndege ya Malawian Airlines inanyamuka ku Chileka kupita ku Dar es Salaam ikuyendetsedwa ndi amayi okhaokha, pampando wa kaputeni pali Yolanda Kaunda, mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindowu. Zimenezi zinachitika kuno konkuno, ndipo amalume anu ayenera kuzimva.

Ndisanaiwale, chenjerani ndi zotsatsa za pa Facebook ndi WhatsApp zoti kampani yakuti ikufuna ogwira ntchito m'ndege, tumizani ndalama ya fomu pa foni. Atsikana angapo afikapo pa kauntala yathu atatchena, kalata yabodza ili m'manja, akufunsa komwe kukuchitikira intavyu imene kulibe. Kuwauza zoona kumapweteka. Emirates kapena Qatar Airways akafuna anthu amalengeza pa webusaiti yawo, zofunika zake n'zodziwika, monga kufikira masentimita 212 utatambasula mkono m'mwamba, ndipo salipiritsa munthu kuti afunsire ntchito. Wokuuzani kuti mulipire kaye ndi wakuba.

Ntchito zimene sizioneka uli kunja kwa mpanda

Ndege imodzi kuti inyamuke pamakhala khamu la anthu. Alipo aja amakhala pa nsanja kulondolera ndege potera ndi ponyamuka, alipo a zanyengo, ozimitsa moto, a chitetezo, okonza zida za wailesi, okonza dongosolo la ulendo, a katundu, ophika zakudya za m'ndege. Ena mwa amenewa amaphunzitsidwa ku School of Aviation pa Lumbadzi pompo, ena amatumizidwa ku East African School of Aviation ku Nairobi kapena ku ZASTI ku Lusaka. Ine ndikanakhala ndi zaka zanu komanso fizikisi yanuyo, ndikanayang'ana kwambiri uinjiniya wokonza ndege. Injiniya wa layisensi akapanda kusayina, ndege siichoka, kaya kaputeni akhale wamkulu chotani, ndipo luso limenelo limafunidwa ku Addis Ababa, ku Johannesburg mpaka ku Dubai. Ethiopian Airlines ili ndi sukulu yake yaikulu ku Addis Ababa yophunzitsa mapayiloti ndi mainjiniya omwe. Palinso za ma drone, tindege touluka popanda munthu mkati, zimene anzanga ena amazipeputsa koma ine ayi. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserako ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 kunayamba African Drone and Data Academy mogwirizana ndi yunivesite ya MUST. Achinyamata amene anadutsa kumeneko amaphunzira malamulo a mlengalenga, zanyengo ndi mapu, zinthu zomwezo zimene payiloti amayambira.

Tsono chochita chake ndi ichi, achemwali. Musanawononge tambala iliyonse, funsani ku Malawi Civil Aviation Authority dokotala wovomerezeka amene angakuyezeni za Class 1, chiphaso cha zaumoyo chimene payiloti wolembedwa ntchito amafunika: maso, makamaka kusiyanitsa mitundu, makutu ndi mtima. Alipo amene amadziwa mochedwa kuti sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndalama zitapita kale. Funsaninso komweko ngati layisensi ya sukulu imene mukuiganizira imavomerezedwa kuno. Limbikirani Chingerezi cholankhula, chifukwa pa wailesi ya ndege pamafunika Level 4 ya ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse. Musakane malo ku yunivesite podikira ndege: kachiteni uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, uku mukuyang'ana mu The Nation ndi The Daily Times ngati kwatuluka mwayi wa maphunziro olipiriridwa. Sukulu iliyonse ikupatseni mtengo wonse mpaka CPL, wolembedwa pa pepala, ndipo pepalalo mukaliwerenge limodzi ndi amalume. Mukalandira zotsatira za kwa dokotala mundilemberenso, tidzaone pamodzi masukulu amene mungawalembere makalata.