Mafunso a Basketball: Kusinthana Osewera mu NBA ndi Mayeso a Ma Playoff

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za NBA ya ku America, makamaka za matimu akamasinthana osewera. Tasankhapo asanu.

Akonzi, ine ndinazolowera mpira wa miyendo, komwe timamva kuti timu yagula wosewera ndi ndalama zakutizakuti. Koma Luka Dončić atachoka ku Dallas Mavericks kupita ku Los Angeles Lakers sindinamve mtengo wake. Anamugula zingati? Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

Achimwene, sanamugule ndi ndalama. Mu NBA wosewera amene ali ndi kontrakiti amachita kusinthanitsidwa ndi osewera ena kapena ndi ma pick, kutanthauza mpata wosankha wosewera watsopano pa draft ya mwezi wa June. Ndalama zowonjezera pamwamba zimaloledwa koma zochepa, pafupifupi madola 7 miliyoni pa timu m'nyengo yonse ya 2024-25. Wosewerayo safunsidwa n'komwe. Kontrakiti yake imasamuka naye mmene ilili, pokhapokha ngati muli mfundo yomulola kukana, ndipo mfundo imeneyi amatha kuipeza ndi amene wasewera zaka 8 mu ligi, zinayi mwa izo ku timu yomweyo.

Chimene chimavuta ndi malipiro. Timu imene yadutsa kale malire a malipiro, aja amati salary cap, siingalandire wosewera wodula isanatulutse malipiro ofanana nawo. Pa makontrakiti akuluakulu, zolowa zisapose 125 peresenti ya zotuluka kuphatikiza madola 250,000, ndipo matimu owononga kwambiri saloledwa kuposa ngakhale ndi dola imodzi. Mu February 2025 Dončić ndi Anthony Davis aliyense ankalandira pafupifupi madola 43 miliyoni pa chaka, choncho masamu anagwirizana mosavuta. Lakers inatenga Dončić, Maxi Kleber ndi Markieff Morris. Dallas inatenga Davis, Max Christie ndi pick imodzi ya chigawo choyamba cha draft ya 2029. Utah Jazz inalowapo ngati timu yachitatu n'kulandira Jalen Hood-Schifino ndi ma pick awiri a chigawo chachiwiri.

Ife tikuona kuti Dallas inalakwitsa, ndipo inalakwitsa kwambiri. Dončić anali ndi zaka 25, atasankhidwa kasanu motsatizana m'gulu loyamba la All-NBA, la osewera asanu abwino kwambiri mu ligi chaka chimenecho, komanso atangofikitsa timuyo mu fainolo ya 2024. Davis anali ndi zaka 31 ndi mbiri ya kuvulalavulala, ndipo anavuladi m'masewero ake oyamba enieni atavala yunifomu ya Dallas. Nico Harrison, amene ankayendetsa timuyo, anati akufuna timu yotchinga bwino. Maganizo amenewo si olakwika paokha. Cholakwika n'chakuti nkhaniyo anaikamba mobisa ndi timu imodzi yokha. Wosewera wotere ukamulengeza pamsika, matimu amapikisana, mtengo n'kukwera. Pick imodzi pa munthu ngati ameneyu n'kutaya chuma. Harrison anachotsedwa ntchito mu November 2025.

Nayenso Dončić anataya zake. Akanakhalabe ku Dallas akanatha kusaina kontrakiti ya madola 345 miliyoni ya zaka zisanu, yomwe imaperekedwa ndi timu imene inakulera basi. Ku Lakers anasaina ya zaka zitatu ya madola 165 miliyoni.

Akonzi, ndimamva kuti timu yapereka ma pick anayi kapena asanu pa wosewera mmodzi. Kodi chinthu chimene sichinaoneke n'komwe chingapose munthu amene akusewera lero? Wowerenga wa ku Ndirande, Blantyre

Achemwali, akulu akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo matimu ambiri amaganiza choncho. Nthawi zina zimawayendera. Mu 2018 Masai Ujiri wa Toronto Raptors anapereka DeMar DeRozan, Jakob Poeltl ndi pick imodzi kuti atenge Kawhi Leonard, yemwe kontrakiti yake inali itatsala chaka chimodzi. Leonard anawinitsa Toronto chikho mu 2019 n'kuchoka. Palibe wa ku Toronto angadandaule.

Koma taonani mbali inayo. Pick imakhala ndi mtengo malinga ndi mmene timu yoipereka idzachitire m'chaka chimenecho: ikadzagwa, pick yake imakhala ya pamwamba. Mu 2013 Brooklyn Nets inatenga Kevin Garnett ndi Paul Pierce, onse atakalamba, n'kupatsa Boston Celtics ma pick a 2014, 2016 ndi 2018, komanso ufulu wosinthana malo osankhira pa draft ya 2017. Brooklyn inagwa msanga. Boston inapezerapo Jaylen Brown mu 2016 ndi Jayson Tatum mu 2017, anyamata omwe anadzatenga chikho mu 2024. Mu 2019 Los Angeles Clippers inatenga Paul George ku Oklahoma City Thunder popereka Shai Gilgeous-Alexander, Danilo Gallinari, ma pick asanu ndi ufulu wosinthana malo kawiri. Pick ya 2022 inabala Jalen Williams. Mu 2025 Gilgeous-Alexander anakhala MVP, kutanthauza wosewera wopambana onse mu ligi, ndipo Thunder inatenga chikho. George anali atachoka kale ku Clippers osafika nayo mu fainolo.

Mukamva nkhani yotere, funsani zinthu zitatu: ma pick ndi a zaka ziti, ndi otetezedwa kapena ayi, ndipo katswiri wa timu yoperekayo adzakhala ndi zaka zingati nthawi imeneyo. Pick yotetezedwa imabwerera kwa mwini wake ikagwera pamwamba, mwachitsanzo pa malo asanu oyamba. Yosatetezedwa ya zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri kutsogolo ndiyo yoopsa. Ligi imalola kupereka ma pick mpaka zaka 7 kutsogolo, ndipo timu siiloledwa kukhala yopanda pick ya chigawo choyamba zaka ziwiri zotsatizana za m'tsogolo. Lamuloli analitcha dzina la Ted Stepien, mwini wa Cleveland Cavaliers kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, amene anamwaza ma pick mpaka ligi inalowererapo. N'chifukwa chake mumaona zaka zodumphadumpha ngati 2023, 2025, 2027.

Akonzi, tikutsutsana ndi mnzanga. Iye akuti wogoletsa mapointi 30 ndi wabwino kuposa wa 22, nkhani yathera pomwepo. Wowerenga wa ku Chipata

Achimwene, muuzeni mnzanuyo awerengenso kuti mpira waponyedwa kangati. Pali muyeso wotchedwa true shooting. Tengani ma free throw amene waponya, mipira ija amaponya popanda womutchinga akachitiridwa faulo, muchulukitse ndi 0.44, muwonjezere pa maulendo onse amene waponya mpira m'masewero, zotsatirazo muchulukitse ndi 2, kenako mugawe mapointi ake ndi nambala imeneyo. Tiyerekeze kuti woyamba wagoletsa 30 ataponya ka 26 ndi ma free throw 5: akupeza 53 peresenti. Wachiwiri wagoletsa 22 ataponya ka 14 ndi ma free throw 5: akupeza 68 peresenti. Zaka zino ligi yonse imakhala pa 57 kapena 58. Woyambayo wadya mipira 12 yomwe anzake akanaigwiritsa ntchito bwino kumuposa.

Musathere pamenepo. Onani ngati amadzipangira yekha mpata woponya kapena amadikira kupatsidwa, chifukwa wodzipangira yekha ndi wosowa ndipo muyeso wake ukatsikako pang'ono timamumvetsa. Onaninso malipiro. Wosewera wamkulu amatenga 25, 30 kapena 35 peresenti ya salary cap malinga ndi zaka zimene wakhala mu ligi. Wa mapointi 22 amene akadali pa kontrakiti yake yoyamba yotchipa amasiyira timu ndalama zolembera ena awiri abwino.

Akonzi, Rudy Gobert wasankhidwa kanayi kukhala wotchinga wabwino kwambiri mu ligi, koma anthu amati pa ma playoff ndi katundu wolemetsa. Zoona zake n'ziti? Wowerenga wa ku Johannesburg

Bambo, funso lanu ndi limene likufika pa mtima wa nkhani yonse ya mtengo wa wosewera. M'masewero 82 a ligi, timu imakumana ndi mdani wina lero, wina mawa, ndipo nthawi yokonzekera ndi yochepa. Pa ma playoff mumakumana ndi timu imodzi mpaka kasanu ndi kawiri, woyamba kupambana kanayi ndiye wapitirira. Aphunzitsi amakhala pansi ndi vidiyo n'kufunafuna munthu mmodzi wofooka, akamupeza amamubwerera mpira uliwonse.

Gobert ndi wamtali mamita 2.16 ndipo mphamvu yake ili pafupi ndi ringi. Adani akachita pick and roll, pomwe wamtali wawo amaima ngati chipupa kuti mnzake wa mpira adutse, Gobert amabwerera m'mbuyo kudikira pansi pa ringi. Njira imeneyi amati drop. Imatseka mapointi osavuta, koma imasiya mpata kwa odziwa kuponyera patali.

Mu 2021 Utah inali ndi mbiri yabwino kuposa matimu onse, itapambana 52 n'kugonja 20 m'nyengo yomwe inali yofupikitsidwa. Pa ma playoff, m'masewero achisanu ndi chimodzi ndi Clippers, inatsogola ndi mapointi 25. Mphunzitsi wa Clippers, Tyronn Lue, anali atachotsa wamtali wake n'kuika anthu asanu odziwa kuponya za mapointi atatu. Terance Mann, amene Gobert ankayenera kumulondera, anangoima pakona, pomwe mzere uli pafupi, mamita 6.71 poyerekeza ndi 7.24 chapakati. Wa Clippers akadutsa mlonda wake, Gobert ankathamangira ku ringi kukathandiza, mpira n'kupita pakona kwa Mann ali yekhayekha. Akakhala pa Mann, njira ya ku ringi inali pululu. Mann anagoletsa 39 ndipo Utah inatuluka. Anthu analoza chala Gobert, koma vuto linayambira kutsogolo, kwa anzake omwe ankadutsidwa ngati palibe munthu, ndiponso iye analibe luso lolanga afupiafupiwo akakhala ndi mpira.

Minnesota Timberwolves inamutenga mu 2022 popereka osewera asanu, ma pick anayi ndi ufulu wosinthana malo kamodzi, ndipo ambiri anaseka. Koma amene anachita zimenezi ndi Tim Connelly, yemwe anamanga Denver Nuggets ndipo ankamudziwa Nikola Jokić bwino lomwe. Mu 2024 atakumana ndi Denver, Karl-Anthony Towns ndiye ankalimbana ndi Jokić thupi ndi thupi, Gobert n'kumasiya Aaron Gordon wa Denver pang'ono kuti adikire kumbuyo. Minnesota inapambana 4-3, itabweza mapointi 20 m'masewero omaliza ku Denver komweko. Ndime yotsatira inakumana ndi Dallas, ndipo m'masewero achiwiri Dončić anakokera Gobert kunja kwa mzere, anamugwedeza uku ndi uku, n'kubwerera sitepe imodzi kuponya za mapointi atatu zomwe zinathetsa masewero 109-108. Dallas inapitirira 4-1.

Chaka chotsatira Dončić yemweyo anakumananso ndi Gobert, koma ali ku Lakers yomwe inali itapereka Davis ndipo inalibe wamtali wodalirika. Lakers inayesa kutenga Mark Williams ku Charlotte Hornets, koma mgwirizanowo unathetsedwa madokotala atamuyeza. M'masewero achisanu Gobert anagoletsa 27 n'kutola ma rebound 24, mipira yobwerera ikalephera kulowa mu ringi, Lakers n'kutuluka 4-1. Munthu ndi yemweyo, zaka zosiyana pang'ono, koma ntchito yake inkasintha malinga ndi amene waima patsogolo pake ndi amene ali pambali pake. Ife sitimutcha katundu. Timati ndi wosewera wofunika kumuzunguliza ndi alonda amphamvu akunja, ndipo Minnesota inali nawo mwa Jaden McDaniels ndi Anthony Edwards.

Thunder inaphunzira phunziro lomweli mwanjira ina. Mu 2024 inapereka Josh Giddey, wachinyamata wa manambala okongola amene adani ankamusiya dala kuti aponye, n'kutenga Alex Caruso ku Chicago Bulls. M'masewero achisanu ndi chiwiri ndi Denver mu 2025, Caruso wa mamita 1.96 anapatsidwa Jokić wa mamita 2.11, kumuima kutsogolo kuti mpira usamufike bwino, anzake akudikira kumbuyo. Thunder inapambana 125-93.

Akonzi, Boston inatenga chikho mu 2024. Bwanji patangotha chaka inachotsa Jrue Holiday ndi Kristaps Porziņģis? Wowerenga wa ku Mzuzu

Achimwene, walira mvula walira matope. Timu ya akatswiri ambiri imabwera ndi malipiro ake, ndipo pangano la 2023 la ligi ndi bungwe la osewera linaika mipanda iwiri pamwamba pa msonkho wa matimu owononga kwambiri. M'nyengo ya 2025-26 salary cap inali madola 154.6 miliyoni, msonkho unkayambira pa 187.9 miliyoni, mpanda woyamba pa 195.9 miliyoni, wachiwiri pa 207.8 miliyoni. Ukadumpha wachiwiriwo, aja amati second apron, suloledwa kuphatikiza malipiro a osewera awiri kuti utenge mmodzi wodula, sungawonjezere ndalama pa kusinthana, ndipo pick yako ya zaka 7 kutsogolo imatsekeredwa.

Tatum ataduka mtsempha wa chidendene mu May 2025 posewera ndi New York Knicks, Boston inaona kuti ilipira msonkho waukulu pa timu imene katswiri wake akhala panja nthawi yaitali. Holiday anapita ku Portland Trail Blazers posinthana ndi Anfernee Simons, Porziņģis ku Atlanta Hawks, ndipo timuyo inatsika pansi pa mpanda wachiwiri. Minnesota nayo inali ndi nkhawa yomweyo pamene inapereka Towns ku Knicks mu October 2024 n'kutenga Julius Randle ndi Donte DiVincenzo.