Alamu anuwo asapatse dobadoba ndalama za mwezi

Achemwali, pa funso lanu la kagulidwe ka zinthu za m'nyumba kuno ku Mangochi, alamu anu a ku Kenya akubwera kudzagwira ntchito kunowo auzeni asadzivute n'kulemba bajeti ya zogula pamwezi, chifukwa sabata isanathe ikhala itasanduka bodza. Mitengo ku Mangochi ilipo iwiri: wa ife, ndi wa munthu amene akangotsegula pakamwa zimadziwika kuti si wakuno. Bambo a kunyumba kwanga ndi a ku Uganda, khungu lawo ngati langa lomweli, koma akafunsa mulu wa tomato pamsika wa pa boma amawatchulira mtengo wina, ine ndikafika kumbuyo kwawo mtengo watsika ndipo ya pulayizi andiikira. Chambo ndiye musanene. Anthu amaganiza kuti poti nyanja ili pakhomo nsomba ndi yotchipa. Chambo chachikulu chimathera kumalo ogona alendo a ku Nkopola ndi Monkey Bay, china chimakwera galimoto kupita ku Blantyre, ife timatsala ndi usipa ndi utaka.

Koma chimene chandilembetsa ndi zimene ena akukuuzani zoti katundu aziguliratu ku Mandimba, kutsidya la malire ku Mozambique. Imvani. Mu November 2023, sabata yomwe kwacha inagwa ndi 44%, dollar n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, masitolo ambiri anayamba kusintha mitengo m'mawa ndi madzulo, ena kubisa katundu. Panali bambo wina wa ku Namwera amene ankabwera kuntchito kwa amuna anga, wolankhula bwino, Chiyao, Chipwitikizi, Chingerezi, zonse. Anati tisavutike, iye amawoloka pachipata cha Chiponde tsiku lililonse, atibweretsera chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20, mpunga, spaghetti, sopo ndi shuga pamtengo wa oda. Tinamupatsa ndalama zonse za chakudya cha mweziwo, zina pamanja zina pa Airtel Money.

Foni yake inayamba kumangoitana osayankhidwa. Kenako inazimiratu. M'nyumba munatsala ufa wa pansi pa ndowa ndi mchere, ana akufunsa tiyi, ine ndikubwereka kasupuni ka mafuta kwa aneba ngati mkazi wa munthu wosagwira ntchito. Atatulukira anafika pakabaza dzuwa litalowa, wanyamula chigubu chimodzi ndi kathumba ka mpunga kosafika theka. Nkhani yake inali yaitali: ati metical, ndalama ya ku Mozambique, yakwera, ati osintha ndalama pachipata anamubera, ati katundu wina anamulanda pamsewu, ati tionjezere ndalama akawombole. Chikalata chosonyeza kuti alandadi, palibe. Mawa lake ndikuthira mafuta m'mabotolo, pamwamba anali mafuta ndithu, nditafika pakati ndinangoona madzi akutsika. Madzi, achemwali! Anachita kumata chivundikiro ndi moto kuti chioneke chatsopano. Mpunga uja unali wodzaza anankafumbwe. Ndinakhala pansi pakhonde ndi chigubucho osadziwa kuti ndilire kapena ndiseke, amuna anga angoti kukamwa yasa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti munthu ameneyo anadyapo nsima m'nyumba mwanga, ana anga ankamutchula kuti ankolo. Nditapita kwawo mkazi wake anandiyankha kuti, "Nanga si amuna anu amalandira madollar?" Madollar ake ati? Amalandira kwacha ngati wina aliyense, ndipo kwachayo inali itangodulidwa kumene. Ndi maganizo omwewa amene alamu anu akumane nawo kwa eni nyumba, kwa wamakala, ngakhale kwa wa kabaza: mlendo ndiye kuti thumba lake silitha. Bambo ujabe alipo, ndimamuona pa depoti, ndipo amandipatsa moni osachita manyazi.

Ndiye alamu anuwo. Ndiwo zamasamba, tomato, anyezi, mazira, nsomba azituma munthu wakuno amene mukumudziwa kwawo, kapena ayambe apita naye kangapo mpaka amayi a pamsika awazolowere. Ndalama zothera zili pa zinthu zochokera kunja: tchizi, khofi wabwino, mkaka wa ana, matewera, mankhwala ochapira. Zimenezo anthu amakagula ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba, ndiye awerengerenso mafuta a galimoto, akapezeka. Asadzaze firiji ndi nyama ya mwezi wonse, magetsi akazima m'nyengo yotentha ya October kuno, tsiku limodzi lokha zonse zanunkha. Gasi azikhala ndi silinda yachiwiri. Ngati amadya nkhumba adziwiretu kuti kuno kuli abale athu achisilamu ambiri, sipezeka paliponse, koma mbuzi ndi nkhuku zili mbwee. Chimanga agule matumba nthawi yokolola, cha m'ma May ndi June, akagayitse okha, chifukwa January akafika mtengo umakhala wina.

Zoti dobadoba akawagulire kutsidya, ayi, asayerekeze. Ngakhale kunena zoona mafuta ophikira amene ndikugwiritsa ntchito pano ndi a ku Mandimba komweko, ndipo nthawi zambiri amandipindulira, bola kwacha isakhale itagwanso sabata imeneyo. Amandibweretsera ndi mayi wina wa geni amene timapemphera limodzi, ndalama ndimamupatsiratu chifukwa alibe mpamba wokwanira. Mukafuna ndilembereni ku inbox ndikulumikizeni naye, koma chigubu muzikatsegula iye ali pompo.