Sienta ya 2012 kapena ya 2008? Musagule chaka, amayi

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Akufuna galimoto yoperekera ana kusukulu komanso yopitira kumudzi ku Dowa, ndipo apeza ma Sienta awiri, ya 2008 ndi ya 2012. Wogulitsa akuti ya 2012 ndi "new model", choncho mtengo wake waukweza kwambiri. Akufunsa ngati kusiyanako n'koyenera ndalama zimenezo.

Amayi, mwandiputa. Mawu amenewa ndi amene adadya penshoni ya malume anga.

Malume adaphunzitsa ku pulayimale moyo wawo wonse. Atapuma ntchito, anzawo adawauza kuti ndalama zili pa msewu wa Dedza, agule Sienta azinyamula anthu. Azakhali ankafuna chigayo, ndipo mpaka lero nkhaniyi ikayambika pakhomo paja amadzuka n'kukalowa kukhitchini. Dobadoba wina adawatengera malume pamalo ogulitsira magalimoto, n'kuwaonetsa ziwiri. Ina ya magetsi ozungulira aja tonse timawadziwa, ina ya magetsi a makona, yolembedwa Dice kumbuyo. "Bwana, iyi ndi yatsopano, injini yake ndi ina." Malume adawonjezera ndalama zambiri ndithu, n'kutenga ya makona. Adalemba dalaivala, mnyamata waulemu wa kutchalitchi kwawo, yemwe akangopitirira Nathenje ankasanduka munthu wina. Galimoto ya anthu 7 inkanyamula anthu oposa pamenepo, kuwonjezera matumba a mbatatesi a ku Dedza kumbuyo, mpaka bampala kumakhula pansi pa hampu iliyonse. Itafika nthawi ya sevisi, mnyamatayo adapita nayo ku galaja ina yotchipa, ndipo makaniko adathira oilo wamba wa otomatiki mu giyabokosi ya CVT, mtundu wa otomatiki wosintha liwiro popanda magiya owerengeka, umene umafuna oilo wakewake. Sipadatenge nthawi, galimoto idayamba kunjenjemera pokwera zitunda, kenako kulira, kenako idangokhala pabwalo nkhuku n'kumabisala dzuwa pansi pake. Sienta ya 2006 ya mnzawo wa malume, ya maso ozungulira, yooneka yotopa, inkadutsa pamsewu tsiku lililonse itadzaza anthu.

Tsono dobadoba uja adanama. Injini inali imodzimodzi.

Toyota idatulutsa Sienta ku Japan mu 2003, ndipo mtundu woyambawo udapitirira mpaka 2015. Zaka zonsezo injini inali 1NZ-FE ya malita 1.5, yoyendera tcheni osati lamba, yomwe ilinso mu Corolla ya NZE121, mu Probox, mu Ist, mu Raum ndi mu Allion yaing'ono. N'chifukwa chake ku Biwi mukafunsa sipeya ya injini imeneyi sakuuzani kuti mubwere sabata ya mawa. Mu 2006 adaikonzako nkhope ndi zina zazing'ono. Mu 2010 adasiya kuipanga, poganiza kuti galimoto ina ya Toyota, Passo Sette, yomwe idatuluka kumapeto kwa 2008, itenga malo ake. Anthu a ku Japan sadaikonde Passo Sette, ndipo mu 2011 Toyota idabwezeretsa Sienta yomwe ija, n'kuwonjezerapo Dice ya magetsi a makona. Ndiye "new model" ya 2012 imene akukuuzaniyo ndi galimoto ya 2003 imene idaukitsidwa chifukwa mlowam'malo wake adalephera. Sindikuinyoza ayi. Galimoto imene ogula adakakamiza kampani kuti iibwezeretse ndi galimoto yabwino. Chimene ndikukana ndi kulipiritsa munthu ngati kuti pali chatsopano pansi pa boneti.

Izi za "model ya chaka chakuti" ndi chizolowezi cha ku America, komwe makampani amalengeza galimoto za chaka chilichonse. Ku Japan galimoto imakhala zaka zingapo isanasinthidwe kwenikweni, pakatipo amangokonza nkhope kapena kuwonjezera tizinthu. Ife kuno tidatola mawuwo n'kuwasandutsa chokwezera mitengo. Ndipo chaka chimene chimatchulidwa pa Facebook kawirikawiri ndi chimene galimoto idalembetsedwa koyamba, osati chimene idapangidwa. Ena amangotchula chaka chimene chawabwerera m'mutu. Pa malamba a mipando pamakhala kansalu kolembedwa chaka chimene lambayo adapangidwa, kayang'aneni. Pa mapepala a ku Japan amawerenga zaka potsata ufumu: Heisei 20 ndi 2008, Heisei 24 ndi 2012, mumangowonjezera 1988. Ndidaonapo wogulitsa akutuluka thukuta mayi wina atawerama n'kuyamba kuwerenga kansalu kaja.

Ndikudziwa chimene chimatipangitsa kukakamira chaka. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo galimoto imene munthu ankaiitanitsa kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kuikiliya pa Songwe osagulitsa munda, lero ndi nkhani ya ngongole. Munthu akatulutsa ndalama zoterozo amafuna nambala yoti aziitchula kwa abale. A MRA nawonso amayang'ana msinkhu wa galimoto ndi kukula kwa injini powerengera msonkho, choncho kwa woitanitsa yekha chaka chili ndi ntchito. Koma zanuzo zili kale mu Lilongwe, zili ndi manambala. Msonkho udalipiridwa kale ndi wina.

Sienta yatsopano yeniyeni ilipo, ndipo simungaisokoneze ndi inzake. Idatuluka mu 2015, ili ndi mizere yakuda yotsika kuchokera pa magetsi mpaka pa bampala. Ya petulo yokoka ndi matayala akutsogolo ili ndi injini ina, 2NR-FKE, ndipo pali ya hybrid, yoyendera petulo ndi batire, imene imagwiritsa ntchito makina a mtundu wa Toyota Aqua. Mu 2018 adawonjezera ya mipando isanu yotchedwa Funbase. Mtundu wachitatu udabwera mu 2022 ndi injini ya masilinda atatu. Za hybrid ndili ndi maganizo anga: aliyense amene adagonapo pa mzere wa petulo mu mzinda uno amaisirira, ndipo sindingamuletse. Koma batire yake imakalamba, imadana ndi kutentha ndi fumbi lotseka kafani koiziziritsa, ndipo fumbi la Lilongwe mu Okutobala mukulidziwa. Musanagule hybrid pezani kaye makaniko woidziwa, galimoto pambuyo.

China chimene ogulitsa sanena: Sienta ndi yotsika. Idapangidwira misewu ya m'mizinda ya ku Japan, pansi pake adapatsitsa dala kuti agogo ndi ana azikwera mosavuta. Misewu ya m'makwalala a Area 25 nthawi ya dzinja, kapena kukhota kuchoka pa tala kulowa kumudzi ku Dowa, ya 2008 ndi ya 2012 zidzakhula pansi mofanana.

Nanga mugule iti?

Tsegulani boneti muwerenge nambala ya chassis. Ikayamba ndi NCP81, ndi yokoka ndi matayala akutsogolo ndipo ili ndi CVT. Ikayamba ndi NCP85, ndi yokoka ndi onse anayi ndipo ili ndi otomatiki wamba ya magiya anayi, imamwa mafuta ochulukirapo pang'ono koma amakaniko athu amaimvetsa bwino. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Ayendetse ili yozizira, akwere nayo chitunda, amve ngati ikunjenjemera ponyamuka. Funsani oilo amene adathiridwa mu giyabokosi. CVT imafuna oilo wakewake wa CVT, ndipo wogulitsa akayamba kuchita chibwibwi mudziwe zochita. Yesani zitseko zokoka zonse ziwiri, yang'anani mashoki akumbuyo ndi njanji za mipando yakumbuyo, pamenepo ndi pamene galimoto imene idagwirapo takisi imaululika. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire kwambiri.

Zonse zikakhala bwino mofanana, tengani ya 2008, ndipo ndalama zotsalazo mugulire matayala anayi atsopano ndi oilo woyenera wa giyabokosi. Ya 2012 muitenge pokhapokha makaniko wanu atanena kuti ndi imene idasamalidwa bwino, ndipo wogulitsa atsitse mtengo.