Funsani akatswiri: monita imodzi ya ntchito ndi magemu

FUNSO: Masana ndimawerengera ndalama pa Excel ndi kulemba malipoti, madzulo ndimasewera mpira wa EA Sports FC ndi Call of Duty pa kompyuta yomweyo. Ndalama zanga zingokwana monita imodzi. Kushopu wina akuti ndigule ya 4K, wina akuti ya mainchesi 32 ya 1080p poti ndi yaikulu koma yotchipa. Nditsate ziti? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Zikomo achimwene. Malangizo onse awiriwo asiyeni. Monita yokuyenerani ndi ya mainchesi 27, ya 2560 x 1440 imene amaitchula kuti 1440p kapena QHD, ya galasi la mtundu wa IPS, ya liwiro la chithunzi lofika 144Hz kapena 165Hz. Ngati thumba likukana, kapena kompyuta yanu ndi yofooka, gulani ya mainchesi 24 ya 1080p ya IPS, ya 144Hz yomweyo.

Ya mainchesi 32 ija vuto lake ndi ili. Chithunzi cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiseli, ndipo 1080p ili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, kaya sikiriniyo ndi yaing'ono kaya ndi yaikulu. Pa mainchesi 24 timadonthoti timakhala pafupifupi 92 pa inchi iliyonse, pomwe pa mainchesi 32 timatsika kufika pa 69. Mukakhala pa desiki, zilembo zimaoneka zamanomano, ndipo pofika masana maso amakhala atatopa. Komanso mizere ya Excel siwonjezeka ngakhale umodzi, imangokula. Ya 1440p pa mainchesi 27 ili ndi timadontho pafupifupi 109 pa inchi, zilembo zimakhala zosalala, ndipo mutha kuika lipoti kumanzere, Excel kumanja, osapanikiza chilichonse.

4K pa ntchito ilibe chilema, imavuta pa magemu. Ili ndi timadontho toposa 8 miliyoni, kuwirikiza kanayi ta 1080p, ndipo graphics card, khadi ya m'kompyuta yopanga zithunzi, imayenera kujambula tonseto nthawi iliyonse chithunzi chikasintha. Popanda khadi yamphamvu kwambiri, gemu imayenda modukizadukiza. Ngakhale 1440p imalemera: timadontho take ndi 3.7 miliyoni poyerekeza ndi 2.1 miliyoni ta 1080p. Khadi za mtundu wa RTX 3060 kapena RX 6600 XT zimainyamula pa magemu ambiri mukachepetsako zokongoletsa zina. Ngati kompyuta yanu ilibe khadi yapadera ndipo imadalira Intel UHD ya m'purosesa, musavutike ndi 1440p pa magemu, chifukwa 1080p yomwe idzakhala ikuilemera.

Nambala ya Hz imanena kuti chithunzi chimasintha kangati pa sekondi. Pa 60Hz chithunzi chilichonse chimakhala mamilisekondi 16.7, pa 144Hz chimakhala 6.9. Kusiyanaku mumakuona ngakhale poyendetsa mbewa kapena potsitsa tsamba lalitali. Kuchoka pa 144 kupita pa 240 phindu lake ndi lochepa, asiyireni a mipikisano. Onaninso ngati pabokosi palembedwa FreeSync kapena G-Sync Compatible. Zimenezi zimapangitsa monita kuyendera limodzi ndi liwiro la khadi, kuti chithunzi chisamaoneke ngati chang'ambika pakati.

Tasankha IPS chifukwa mitundu siisintha mukayang'anira cham'mbali. Mitundu ina ya galasi ndi VA, TN ndi OLED. Ya VA imaonetsa bwino malo akuda, koma zotchipa zambiri zimasiya kamchira kakuda kumbuyo kwa chinthu chothamanga. Ya TN imathamanga koma mitundu yake ndi yofiwa. OLED ndi yokongola zedi, koma kwa munthu wotsegula Excel maola 8 tsiku lililonse sitiilimbikitsa: zinthu zosasuntha ngati mzere wa m'munsi wa Windows zimatha kusiya chipsera chosafufutika. Mawu akuti "1ms" ndi "HDR 400" a pabokosi asakukopeni kuwonjezera ndalama, ndi otsatsira malonda kuposa china chilichonse.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi chingwe. Zolumikizira monita ndi kompyuta zimasiyana: HDMI 1.4 pa 1440p imalekezera pa 75Hz kapena pansi. HDMI 2.0 imafika 144Hz, ndipo kuti mupeze 165Hz nthawi zambiri pamafunika DisplayPort. Choncho musanapite kushopu, yang'anani mabowo a kumbuyo kwa kompyuta yanu. Chingwe chilowe pa graphics card, osati pa bowo la motherboard, bolodi yaikulu ya kompyuta, limene lili cham'mwamba pafupi ndi ma USB. Mukalumikiza, Windows kawirikawiri imasiya monita pa 60Hz mpaka mutasintha nokha: lowani mu Settings, System, Display, Advanced display, musankhe nambala yaikulu. Alipo ambiri amene akhala ndi monita ya 144Hz chaka chathunthu ikuyenda pa 60.

Za khosi musaziiwale. Mwendo wa monita ukhale wokwera ndi kutsika, kuti m'mphepete mwa m'mwamba mwa sikirini mulingane ndi maso anu, pa mtunda wa mkono umodzi. Ngati mwendowo ndi wosasuntha, onani ngati kumbuyo kuli mabowo anayi a VESA, otalikirana mamilimita 100, omangirapo mkono wina.

FUNSO: Ndapeza monita yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera kunja, pa mtengo wabwino. Ndione chiyani ndisanapereke ndalama? Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Pitani ndi laputopu yanu ndi chingwe chanu. Dzazani sikirini yonse ndi mtundu umodzi, woyera, kenako wakuda, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Kadontho kamene sikasintha ndi ena ndi kowonongeka, ndipo kawirikawiri sikakonzeka. Pa mtundu wakuda yang'anani m'makona ngati kuwala kukutulukira kwambiri. Yesani bowo lililonse, ndipo monitayo ikhale yoyaka mphindi 20, chifukwa zina zimayamba kuphethira zikatentha.

Zambiri mwa monita zoterezi zinali za m'maofesi. Pa zolembalemba ndi zabwino kwambiri, koma zimalekezera pa 60Hz. Ngati masewera anu ndi a pa PlayStation 4, palibe chimene mwataya, popeza nayo sipitirira 60Hz. Werengani kachikwangwani ka kumbuyo: pakalembedwa 100-240V, igwira pa magetsi athu a 230V popanda vuto. Ngati imagwiritsa ntchito adaputa yapadera, mavoti a adaputayo afanane ndi olembedwa pa monita, chifukwa ya 19V ikaikidwa pa monita ya 12V imatha kuwotcha bolodi. Ndipo poti magetsi kwathu kuno amazimazima, muilumikize kudzera pa surge protector, yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu, kapena UPS, batire yosunga magetsi, osati molunjika kukhoma.