Yambani ndi koloshe kaye

Achemwali, ngati mukufuna kuphunzira kuluka, pakati pa koloshe (kuluka ndi singano imodzi ya kangowe kunsonga) ndi singano ziwiri, inu yambani ndi koloshe. Pa koloshe mumagwira sitichi imodzi yokha nthawi iliyonse, ndiye mukalakwitsa mumangosolola ulusi n'kubwereza. Pa singano ziwiri masitichi onse a mzere amakhala pa singanopo, ndipo imodzi ikapulumuka imamasuka kutsika mizere ingapo. Oyamba kumene ambiri amagwa ulesi pamenepo.

Pezani singano ya koloshe ya 5 mm ndi ulusi wokhuthala pang'ono, wa mtundu wowala. Wakuda ayi ndithu, masitichi saoneka ndipo maso amangotopa.

Anthu amene ndawaphunzitsapo vuto lawo limakhala limodzi: kukoka ulusi kwambiri mpaka singano kukana kulowa. Fewetsani dzanja. Muziwerenganso masitichi pakutha pa mzere uliwonse, apo ayi kansalu kamanka kachepa m'mbali inu osadziwa. Kansalu kopukutira mbale n'kokwanira kuphunzirirapo, juzi idikire.

Muzipumira n'kumatambasula zala. Koma chala chachikulu, cholozera ndi chapakati zikamachita dzanzi, kapena ululu wa pamfundo ya dzanja ukamakudzutsani usiku, siyani kaye kuluka mukaonane ndi dokotala.