Funsani Amisiri: Giza Ikavuta

Madzi anasiya kutuluka kumpopi masiku awiri. Atabwera, giza yathu ya malita 150 sikutenthetsanso, ndipo tikangoiyatsa magetsi a nyumba yonse amathima. Chalakwika n'chiyani?
*Mayi wa ku Kasungu boma*

Mayi, apa n'kutheka kwambiri kuti elementi, chitsulo chotenthetsa madzi m'kati mwa giza, yapsa. Elementi inapangidwa kuti izigwira ntchito ili m'madzi. Madzi akasiya, a m'thanki amatha kubwerera m'paipi ngati palibe non-return valve (valavu yoletsa madzi kubwerera), elementi n'kutsala pouma. Ikayaka choncho imapsa m'kanthawi kochepa ndipo chitsulo chake chimang'aluka, magetsi n'kumakhudza madzi. N'chifukwa chake earth leakage, swichi yoteteza ya pa bolodi la magetsi, ikugwa n'kuthimitsa nyumba yonse. Musaikakamize, ikukutetezani.

Thimitsani breaker ya giza pa bolodi komanso swichi yake, kenako kwezani earth leakage. Nyumba ikayaka bwinobwino, vuto lili pa giza. Itanani wa zamagetsi ayeze elementi ndi mita: ya 3kW imawerenga pafupifupi ma ohm 18, ya 2kW pafupifupi 26. Ayezenso thermostat (kachipangizo kothimitsa elementi madzi akatentha mokwanira), chifukwa ena amathamangira kusintha elementi pomwe chafa ndi thermostat. Posintha elementi, aike gasket (labala yotseka kuti madzi asadonthe) yatsopano. Yakale ikabwezeredwa imadontha.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi kuyatsa thanki isanadzaze. Tsegulani mpopi wa madzi otentha, mudikire mpaka utasiya kulavula mpweya ndipo madzi akutuluka mosadukiza. Pamenepo ndiye yatsani. Tsiku lina madzi akadzasiya, muthamangire kuthimitsa giza musanayambe kusaka zidebe.

Kapaipi kotuluka kukhoma kuchokera ku giza kamadontha. Nditseke?
*Bambo wa ku Kamwendo, Mchinji*

Ayi bambo, musayerekeze. Madzi akamatentha amafufuma, ndiye valavu imataya pang'ono kuti thanki isaphulike. Kudontha pamene giza ikutenthetsa si vuto. Koma ngati akungotuluka usana ndi usiku, valavu yochepetsa mphamvu ya madzi yatha kapena mwalowa mchenga. Gulani yofanana ndi nambala yolembedwa pa thanki, monga 400 kPa. Akamatuluka owira ndi nthunzi, thermostat yakanirira: thimitsani nthawi yomweyo.

Tili ndi giza ya sola ya machubu ndipo timapopa madzi a pamjigo. Mu June ndi July madzi amangofunda pang'ono. Tikayatsa elementi yake mayunitsi amatha ngati kuti akubedwa.
*Mwini malo ogona alendo, Mchinji boma*

Yambani mwakwera padenga. Machubu ayenera kuyang'ana kumpoto, kumene dzuwa limadutsa miyezi yozizira, ndipo mtengo wa mango kapena thanki isawatchinge. Apukuteni fumbi m'mawa asanatenthe. Kenako onani kunsi kwa chubu chilichonse: chabwino chimanyezimira ngati galasi loonera, koma chimene chayera mbuu chalowa mpweya ndipo sichikugwiranso ntchito. Sinthani chokhacho. Thanki ikauma, musathire madzi ozizira masana dzuwa lili phwee, machubu amasweka. Dikirani usiku kapena m'mamawa.

Madzi a m'mijigo ina amasiya zoyera zolimba zija mumaziona m'ketulo. Zikakuta elementi, imachedwa kutenthetsa, imalira ngati ikukazinga, ndipo sikhalitsa. Kamodzi pachaka pulambala akhuthule thanki ndi kuchotsa zimenezi.

Za mayunitsi, masamu ake ndi awa: kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo elementi ya 3kW imatenga maola awiri ndi mphindi 20. Mukaiyatsa m'mawa, dzuwa limapeza madzi atatentha kale, ndiye mwalipira ESCOM ntchito imene dzuwa likanagwira ulere. Ikani timer iziyatsa cha m'ma 4 koloko madzulo kuti ingomalizitsa. Thermostat ikhale pa 60. Mukaitsitsa kwambiri, tizilombo ta Legionella timaswana m'madzi ofunda. Mapaipi a madzi otentha amene ali pamtetete muwakulunge, chifukwa mphepo ya usiku wa ku Mchinji imawaziziritsa madzi asanafike kubafa.